ZIMBABWE: Chigawo chimene chinkagulitsa ulusi wa m'miyala tsopano chikugula ulusi wagalasi

ZVISHAVANE - Munthu akamalowa m'tauni ya Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, amayamba waona milu ikuluikulu yotuwa, yaitali ngati mapiri. Imeneyo ndi miyala yoperedwa imene inatsala pa zaka pafupifupi 90 zokumba asibesitosi pamgodi wa Shabanie. Mgodiwo unaima, koma ntchito imene ulusi wake unkagwira sinathe ayi. Mbali ina ya ntchitoyo ikugwiridwa ndi zipangizo zopangidwa pophatikiza ulusi wagalasi, wa kaboni kapena wa nayiloni ndi utomoni wa m'fakitale, ndipo migodi ya m'chigawo chomwechi ili m'gulu la ogula zipangizozi kuchokera kunja.

Pa Chingerezi zipangizozi amazitcha polymer composites. Chichewa chilibe liwu limodzi lokhazikika, choncho m'nkhani ino tizitcha zipangizo zophatikiza. Anthu ambiri amangoti pulasitiki, ndipo liwu limeneli limasocheretsa, chifukwa limaika ndowa ya pamsika m'gulu limodzi ndi chinthu chimene chagwira matani a miyala pamwamba pa mutu wa wokumba pulatinamu. Zina mwa zipangizozi zimakhala zaka makumi angapo pamalo pamene chitsulo chingadyedwe ndi dzimbiri m'nyengo zochepa. Zina, zikasankhidwa molakwika, zapha anthu.

Nzeru ya nkhokwe

Mfundo yake si yachilendo kwa munthu amene anamangapo nkhokwe. Nsungwi zolukidwa pazokha zimapindika ndipo zimalowetsa makoswe. Dothi palokha limang'aluka n'kugumuka. Koma nsungwi zikalukidwa kenaka n'kumatidwa, nkhokwe imapirira. Nsungwi ndizo zimasenza katundu, pamene dothi limazigwira pamalo pake ndi kuziteteza.

M'fakitale, ntchito ya nsungwi imagwiridwa ndi ulusi, kawirikawiri wagalasi. Galasi la pawindo limasweka msanga chifukwa pamwamba pake pali timing'alu tosaoneka ndi maso. Likasungunulidwa n'kukokedwa mpaka kuonda kuposa tsitsi la munthu kangapo, timing'alu timeneti timachepa, ndipo ulusiwo umakana kuduka kuposa chitsulo wamba cha kukula komweko. Vuto ndi lakuti ulusi paokha sungaime chilili, ndipo ukangokwechesana umafooka. Apa ndipo pabwera utomoni: umakuta kaulusi kalikonse, umauma, ndipo kaulusi kamodzi kakaduka umapereka katundu wake kwa tinzake toyandikana nako. Mphamvu yonse ya chipangizocho yagona pa kugwirana kwa ziwirizi.

Utomoniwo ulipo wa magulu awiri. Wina uli ngati phula: ukatentha umasungunuka, ukazizira umaumanso, ndipo zimenezi zingabwerezedwe. Wina uli ngati dzira: ukangouma basi, subwereranso kukhala madzi. M'gulu lachiwirili muli polyester, umene ndi wotsika mtengo, vinyl ester, umene umapirira asidi, epoxy, umene umamata kwambiri koma ndi wodula, ndi phenolic, umene suyaka msanga ndipo utsi wake ndi wochepa. Mabwato a fibreglass a panyanja ya Malawi ndi ya Kariba, komanso malata owala amene amalowetsa kuwala m'mashedi, kawirikawiri ndi galasi ndi polyester. Matanki obiriwira amadzi amene adzaza m'makomo si a gulu limeneli. Mulibe ulusi m'kati mwake.

Chimene chimakopa mainjiniya ndi kupepuka. Kiyubiki mita imodzi ya chitsulo imalemera makilogalamu 7,850, pamene ya fibreglass imalemera pakati pa 1,800 ndi 2,000. Paipi imene ikanafuna makina onyamulira, anthu awiri amaisenza. Koma pali mbali imene ogulitsa sathamangira kuitchula. Fibreglass imawerama kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi chitsulo cha kukula kofanana, ndipo mphamvu yake imatsata kumene ulusi waloza, monga momwe chikuni chimawazikira mosavuta motsata mizere yake koma n'kukana nkhwangwa yopingasa. Komanso chitsulo chimachenjeza: chimapindika chisanaduke. Chipangizo chophatikiza chimatha kuthyoka kamodzin'kamodzi.

Ulusi wa ku Shabanie

Zonsezi zisanafale, dziko linkadalira ulusi wina umene sunkapangidwa m'fakitale koma kukumbidwa pansi. Ntchito yokumba asibesitosi woyera wotchedwa chrysotile inayamba ku Shabani m'chaka cha 1916, ndipo njanji inafika kumeneko mu 1928. Tauniyo inasinthidwa dzina kukhala Zvishavane mu 1982. Ambiri mwa amene anatsika m'mgodiwo, monganso m'migodi ya chrome ya ku Shurugwi ndi ya golide ya ku Kwekwe, anali amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ena oyenda pansi, ena otengedwa ndi mabungwe olemba kapena kunyamula anthu ofuna ntchito amene akuluakulu amawakumbukira ndi maina a Mthandizi ndi Ulere. Zidzukulu zawo zidakali m'makomboni a m'matauni amenewa, Gule Wamkulu amavinidwa kumeneko, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka.

Ulusi wa ku Shabanie unkatamandidwa chifukwa unali wautali ndiponso wopanda chitsulo chambiri m'kati mwake. Wambiri unkasakanizidwa ndi simenti popanga malata ndi mapaipi amadzi, potsata njira imene Ludwig Hatschek wa ku Austria anatulukira cha m'ma 1900. Wina unkaphatikizidwa ndi utomoni wa phenolic popanga zigamba za mabuleki a galimoto ndi sitima. Kampani ya ku Britain ya Turner & Newall, imene inali mwini wa mgodiwo, ndiyo inalinso mwini wa kampani yotchuka ya mabuleki ya Ferodo. Tinganene kuti chigawo cha Midlands chinalowa m'malonda a zipangizo zophatikiza kalekale, koma chinalowa ngati wogulitsa ulusi wosakonza.

Chimene chinapangitsa asibesitosi kukhala wabwino pa ntchito ndicho chinamupangitsanso kukhala woopsa. Ulusi wake umang'ambika m'litali kukhala tizidutswa toonda kwambiri, timene timauluka, kulowa m'kati mwenimweni mwa mapapo n'kukhazikika momwemo. Zotsatira zake ndi kuuma kwa mapapo, khansa ya m'mapapo ndi khansa ina yotchedwa mesothelioma. Matendawa amatha kuonekera patapita zaka 20 mpaka 40, kutanthauza kuti munthu amene anapuma ntchito n'kubwerera kwawo ku Dedza, Chipata kapena Angónia akanatha kudwalira kumudzi popanda woganiza za fumbi la kumgodi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti asibesitosi wa mtundu uliwonse amayambitsa khansa, ndipo anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbi lake pantchito.

Misika inatsekeka umodziumodzi. Britain inaletsa asibesitosi mu 1999, mayiko onse a European Union mu 2005, South Africa mu 2008 ndipo Mozambique mu 2010. Boma la Zimbabwe lakhala likunena kuti chrysotile angagwiritsidwe ntchito mosamala, ndipo lakana kangapo kuti aikidwe pamndandanda wa mankhwala oopsa a pangano la Rotterdam. Komabe chimene chinagwetsa Shabanie sichinali ziletso zokha. Mu 1996 Turner & Newall inagulitsa migodi ya Shabanie ndi Mashava kwa wamalonda Mutumwa Mawere. Mu 2004 boma linailanda n'kuiika m'manja mwa woyang'anira wake, ponena kuti inali ndi ngongole za boma. Milandu inatenga zaka, chuma cha dziko chinalowa pansi, ndipo pofika mu 2010 ntchito yokumba inali itaima. Kampani ya malata ya Turnall inayamba kuitanitsa ulusi kuchokera ku Brazil ndi Russia. Nyumba zina za mgodiwo zinasanduka makalasi a Midlands State University.

Palibe chinthu chimodzi chimene chinalowa m'malo mwa asibesitosi pa ntchito zake zonse. M'malata a simenti munalowa ulusi wa mitengo ndi wa pulasitiki wotchedwa PVA. M'mabuleki munalowa ulusi wagalasi, wachitsulo ndi wa aramid, umene Stephanie Kwolek wa kampani ya DuPont anatulukira mu 1965. Pa mapaipi panabwera PVC, polyethylene ndi fibreglass.

Chimene chagwira denga

Moyo wa Zvishavane ndi Shurugwi tsopano ukudalira kwambiri pulatinamu wa mu Great Dyke, mtandadza wa miyala wautali pafupifupi makilomita 550 umene unadula dziko la Zimbabwe pakati. Pafupi ndi Zvishavane pali mgodi wa Mimosa, wa makampani a Impala Platinum ndi Sibanye-Stillwater. Pafupi ndi Shurugwi pali Unki, wa kampani ya Valterra Platinum, imene mpaka mu 2025 inkadziwika kuti Anglo American Platinum. Migodi yonse iwiri imakumba zipinda zikuluzikulu pansi pa nthaka n'kusiya mizati ya mwala. Pakati pa mzati ndi mzati, denga la mwala liyenera kugwiridwa ndi chinachake.

M'migodi ya mtundu umenewu ntchitoyi imagwiridwa ndi mabawuti aatali achitsulo omatidwa ndi utomoni. Makina amaboola dzenje m'denga. M'dzenjemo amalowetsa timatumba tatitali tooneka ngati soseji. M'kathumba kalikonse muli zipinda ziwiri: china cha phala la polyester losakaniza ndi ufa wa mwala wa laimu, china cha mankhwala oumitsira. Kenaka bawuti amakankhidwa uku akuzungulira. Amang'amba timatumbato, amasakaniza ziwirizo, ndipo pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri phalalo lauma gwaa, kumata chitsulo ku mwala kuchokera kumutu mpaka kumapeto. Miyala imene inali yosanjikizana ngati mabuku omasuka imasokedwa kukhala mtanda umodzi wochindikala. Kunena zoona, pamenepa denga lenilenilo lasanduka chipangizo chophatikiza: mabawuti ndiwo ulusi wake.

Luso limeneli lili ndi malire ake, ndipo malirewo ali m'manja mwa anthu wamba a pantchito. Bawuti akazunguliridwa mosakwanira, phala silisakanikirana ndipo mbali ina imatsala yaiwisi. Akazunguliridwa mopitirira, utomoni umene unayamba kale kuuma umaphwanyika. Dzenje likakula kuposa muyeso, pepala la kathumba silinyenyeka koma limakuta bawuti ngati sokosi, n'kulekanitsa utomoni ndi mwala. Timatumbato tilinso ndi nthawi yake: tikasungidwa m'kontena yotentha ya mwezi wa Okutobala, kapena tikachedwa pachipata cha Beitbridge, masiku ake amafupika. Choopsa n'chakuti bawuti womatidwa bwino ndi womatidwa molakwika amaoneka chimodzimodzi kwa munthu woima pansi pake. N'chifukwa chake migodi yolongosoka imakoka ena mwa mabawuti ndi makina pofuna kuyesa mphamvu yake, ndipo wosunga katundu m'sitolo ya mgodi ali ndi udindo pa miyoyo ya anthu wosachepa poyerekeza ndi wa injiniya.

Alipo mabawuti ena opangidwa ndi fibreglass yokhayokha. Sachita dzimbiri, ndipo makina odula malasha amawadula popanda kuthetheka moto. Koma mwala ukasuntha chopingasa amathyoka msanga, choncho amaikidwa kwambiri m'makoma osati m'denga la mwala wolimba.

Moto

Chipangizo china chophatikiza chimene anthu saganiza kuti ndi chophatikiza ndi lamba wonyamula miyala. M'kati mwake muli nsalu zingapo za polyester ndi nayiloni, kapena nthambo zachitsulo, zokutidwa ndi mphira. Nsaluzo zimakana kukokedwa, mphira imalandira nkhonya za miyala. Mgodi umodzi umakhala ndi makilomita ambiri a lamba wotere, ndipo yenseyo ndi nkhuni zodikira moto. Gudumu limodzi likakakamira lamba n'kumangokhulapo, kapena lamba akaima koma injini n'kumazungulirabe, kutentha kumakwera mpaka mphira kuyaka.

Mu Meyi 2012 lamba anayaka m'njira yaikulu yotsikira mumgodi wa Mimosa. Ogwira ntchito oposa 70 anatsekeredwa pansi kwa maola ambiri, koma onse anatulutsidwa amoyo. Kwina sizinathe choncho. Mu 1950, pamgodi wa malasha wa Creswell ku England, moto woyambira pa lamba unapha anthu 80, ndipo ngoziyo ndi imene inafulumizitsa ntchito yopanga malamba osayaka msanga. Pa 16 Sepitembala 1986, pamgodi wa golide wa Kinross ku South Africa, moto wa chida chowotcherera zitsulo unagwira pulasitiki wofufuma wa polyurethane amene anamatidwa m'makoma a njira ya pansi. Anthu 177 anafa, ambiri chifukwa cha utsi wapoizoni osati malawi, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho.

Lamba wosayaka msanga ndi wodula kuposa lamba wamba, ndipo pamaso amafanana. Kusiyana kwake kuli m'mankhwala osakanizidwa m'mphira, amene amachititsa moto kuzima wokha gwero lake likachotsedwa. Pa nthawi imene mitengo ya pulatinamu yatsika ndipo migodi ikudula ndalama, monga zinachitikira mu 2023 ndi 2024, apa ndi pamene maso a oyendera migodi ndi mabungwe a apantchito ayenera kukhala. Kutentha ndi malire enieni a zipangizozi. Polyester wamba amayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 100, pamene ng'anjo zosungunula chrome, monga za Zimasco ku Kwekwe, zimapitirira madigiri 1,600. Kumeneko njerwa zapadera ndi chitsulo zilibe wopikisana nazo.

Asidi, dzuwa ndi madzi

Kumene zipangizozi zimapambanadi ndi kumene kuli asidi ndi chinyezi. Miyala ya sulufule ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi amene amadya mapaipi, makwerero ndi masitepe achitsulo. M'malo otero, ndiponso m'mipope yotulutsa utsi wonyowa wa m'mafakitale oyenga miyala, fibreglass ya vinyl ester imakhalitsa. Pa ntchito yoyenga kopa ndi magetsi, imene owerenga a ku Zambia amaidziwa bwino, mabafa ambiri amakono amaumbidwa ndi mchenga wosakaniza ndi utomoni m'malo mwa simenti. Koma ngakhale apa pali msampha. Ulusi wagalasi wamba umadyedwa ndi asidi. Thanki yopangidwa bwino imakhala ndi khungu la m'kati la utomoni wambiri, ndipo khungulo likang'aluka asidi amafika pa ulusi umene uli kale pa katundu wolemera. Mng'alu umayenda mwakachetechete mpaka tsiku limene thanki idzaphulike. Pa matope a miyala yopera, amene amakhula ngati sandipepa, fibreglass imatha msanga. Mapaipi a polyethylene kapena achitsulo okutidwa ndi mphira ndiwo amapirira.

Mdani wina ndi dzuwa. Mzinda wa Gweru uli pamtunda wa mamita oposa 1,400, ndipo m'madera okwera chotere cheza cha dzuwa ndi champhamvu. Chimaphwanya utomoni wa pamwamba pang'onopang'ono. Poyamba mtundu umafwifwa, kenaka pamwamba pamayera ngati choko, ndipo pomaliza ulusi umatulukira n'kumayabwa munthu akaukhudza. Ulusi ukatulukira, madzi amautsata kulowa m'kati. Mankhwala ake ndi osavuta: utoto kapena khungu lotchinga dzuwa, lopakidwanso nthawi yake ikakwana. Madzi nawo amalowerera mu polyester wotsika mtengo n'kutukusira matuza, chinthu chimene eni mabwato amachidziwa. Ndipo chida cholemera chikagwera pa chipangizo chophatikiza, kunja kungaoneke bwinobwino pamene m'kati magawo ake alekana. Amisiri amagogoda ndi ndalama yachitsulo kapena kanyundo: pabwino pamalira mokweza, polekana pamalira mogonthera ngati dzungu.

Nanga ulusi watsopanowu sudzakhala asibesitosi wina? Funsoli ndi loyenera, makamaka m'tauni imene inauzidwa kwa zaka zambiri kuti fumbi lake lilibe vuto. Ulusi wagalasi wolimbitsira zipangizo ndi wonenepa kuposa wa asibesitosi, ndipo umathyoka chopingasa m'malo mong'ambika m'litali, choncho sufika mosavuta m'kati mwa mapapo. Bungwe lofufuza za khansa la IARC silinauike m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Komabe fumbi lake limayabwa khungu, maso ndi pakhosi. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi fungo lakuthwa la m'malo oumbira fibreglass. Limachokera ku mankhwala otchedwa styrene, amene mu 2018 bungwe lomwelo linati n'kutheka kwambiri kuti amayambitsa khansa. Amene ali pangozi ndi amisiri ang'onoang'ono okonza mabwato, matanki ndi mabampala m'mashedi opanda mawindo.

Opanga ali kutali

Msika wa ulusi wagalasi uli m'manja mwa makampani ochepa, ndipo dziko la China ndilo limapanga wambiri. Kampani yake ya Jushi inatsegula fakitale yaikulu ku Egypt, pafupi ndi Suez, mu 2014. Ulusi wa kaboni, umene ndi wopepuka ndi wouma kwambiri moti pafupifupi theka la kulemera kwa ndege ya Boeing 787 ndi zipangizo zophatikiza, ndi wodula kosayenera ntchito za tsiku ndi tsiku za mumgodi. Mayiko a kuno kum'mwera kwa Africa ali ndi ulusi wawo wa m'munda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, fakitale ya Mercedes-Benz ya ku East London inkaika m'magalimoto ake shelefu yakumbuyo yopangidwa ndi khonje, thonje ndi utomoni. Khonje amalimidwa ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Chofooka chake n'chakuti amamwa madzi n'kufufuma, motero amayenera m'kati mwa galimoto kapena nyumba, osati mumgodi wonyowa.

Vuto limene silinapezeke yankho lokwanira ndi la zinyalala. Utomoni wa gulu la dzira lija susungunukanso, choncho thanki kapena paipi ya fibreglass ikatha ntchito wogula zitsulo zakale saifuna. Ku Germany zina zimaperedwa n'kuponyedwa m'ng'anjo za simenti, kumene utomoni umayaka ngati nkhuni ndipo galasi limalowa m'simentimo. Kuno zambiri zimangotayidwa kapena kuotchedwa, ndipo utsi wake ndi woipa. Malamba akale okha ndiwo amapeza ntchito yachiwiri: amayalidwa kumbuyo kwa malole ndi m'makola a ziweto.

Pakadali pano nyumba zambirimbiri za m'makomboni a Zvishavane, Shurugwi, Redcliff ndi Kwekwe, monganso za m'matauni akale a Malawi ndi Zambia, zidakali zofoleredwa ndi malata a asibesitosi. Lata lotere likakhala lathunthu, simenti imagwira ulusi wake ndipo fumbi limakhala lochepa. Ngozi imabwera polidula ndi sowo yamagetsi, poliboola, polikwecha kapena poliphwanya kuti zidutswa zake zitsekere maenje a pamsewu. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti ngati lata liyenera kuchotsedwa, linyowetsedwe kaye, limasulidwe lathunthu, likulungidwe m'pulasitiki, ndipo zovala za wogwira ntchitoyo zisachapidwe pamodzi ndi za ana.